Tiyi wa ku Joni ndi Mapiritsi a Lusiya

Kuno kwathu ku Chulu anthu amandinena kuti ndine womana tiyi. Ndimamva ndithu, makutuwa sanagonthe. Amati, "Mukamapita kwa amayi aja a ku Joni muyambe mwadziyang'ana pamimba. Ngati pali kanthu, tiyi simukamuona, akakupatsani ndimu." Amaseka, nanenso ndimaseka nawo, nanga n'kutani? Koma sanama ayi. Mayi woyembekezera akafika pakhomo panga, ketulo ndimaikankhira kuseri kwa chitseko. Chifukwa chake ndi chimene ndikufuna ndinene, kungoti ine nkhani ndimaiyambira kutali, ndiye mundipirire.

Ndinabereka ana atatu, Mulungu anandisiyira mmodzi, Lusiya. Bambo ake anamwalira fodya ali m'chigafa, asanaume n'komwe. Tinayesa kulima awiriwiri ine ndi mwanayo, koma fodya abale si ntchito ya manja anayi. Uthirire nazale ndi keni mpaka msana kuuma, uwokere, uthyole, usoke, manja bii ndi phula lake lija losamva sopo, kenako mabelo apite ku okushoni akabwezedwe, ati mwasakaniza. Lusiya atakwatiwa zinapepukako. Mwamuna wake Petulo, mnyamata wa ku Chisemphere, anabwera chikamwini n'kumanga nyumba pafupi ndi yanga. Munthu wofatsa, wolimbika, wosamwa. Koma ine ndi iye, monga mwa mwambo wathu, sitinkayang'anana kumaso. Tikakumana panjira wina ankapatukira kutchire. Kukakhala koti tiyankhulane, iye ankanjuta patali chipewa chili m'manja, ine nditagwada cham'mbali, mawu awiri atatu basi. Ana a masiku ano zimenezi amaseka. Ife tinkati ndi ulemu, ndipo unalidi ulemu.

Amene anandiika mtima wa ku Joni ndi Nyazimba, mnzanga wa ku Kaluluma amene tinkaimba naye kwaya ya amayi asanapite. Anabwera pa Khrisimasi atanenepa, khungu see, nsapato zofiira ngati mkazi wa bwana. Anandipeza ndikupalira, anandigwira zikhato n'kuziyang'ana. "Mama," anatero ndi Chitumbuka chake chija, "mufwenge na hona uyu. Tiyeni mukaone kunja." Hona ndiye fodya, ankati andipha. Ndinakana, ndinakananso, koma mabelo oyamba a chaka chimenecho atabwezedwa ndinapita kukadula pasipoti.

Tsiku lonyamuka Petulo anaika chikwama changa panjinga n'kutsogola. Ine sindikanakwera njinga ya mkamwini, ndiye tinayenda pansi ine ndi Lusiya mpaka kumsewu. Galimoto itaima, mwanayo anandipatsa jumbo ya magwafa, a mumtengo umene bambo ake anabzala kuseri kwa bafa. Anati, "Muzikatafuna m'njira, amayi." Sanalire, anangoluma mpango wake. Ine ndinalira mpaka ku boma.

Basi inatiyendetsa masiku awiri, miyendo kutupa ngati mitondo. Nyazimba anandichingamira pamalo otsikira, ataona magwafa otsala m'jumbo anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Mwabwera ku Joni ndi magwafa ngati mwana wasukulu? Tayani izo, kuno timadya maapozi." Ndinataya. Ndimakumbukira mpaka lero chidebe chimene ndinatayamo, chinali chobiriwira.

Tinkakhala kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu, bedi limodzi, wina mutu uku wina mutu uko. Kuzizira kwake iii! Kuno Juni timati akuzizira, ayi, uyu ndi mwana. Kumeneko madzi a m'beseni ankadzuka atauma pamwamba ngati galasi. Masiku a pa pasipoti atatha ndinasanduka munthu wozemba. Ukaona galimoto ya apolisi mtima phaa, upinde ngodya ngati wakumbukira chinachake. M'minibasi sitinkayankhula, kuopa kuti lilime litiulula. Nyazimba ndiye anali wolimba mtima, chilankhulo chawo anachigwira msanga, ankachita kutukwanizana ndi makondakitala. Ine mpaka pobwerera ndinangodziwa moni, zikomo ndi pepani.

Ntchito anandipezera kunyumba yosungira okalamba. Eya, kumeneko azungu akakalamba ana awo amakawasiya kunyumba ina yaikulu, kumabwera Lamulungu ndi maluwa. Tsiku loyamba ndinati, anthu awa alibe chisoni, kutaya makolo chonchi? Nyazimba anati, "Nanga inu mwana wanu mwamusiya ndi ndani?" Ntchito yake inali kuwasambitsa, kuwasintha zofunda, kuwadyetsa, ndi kukankha tolole ya tiyi. Teni koloko tiyi, folo koloko tiyi. Anthu amenewa akhoza kuiwala dzina la mwana wawo, koma nthawi ya tiyi saiwala. Tolole ikachedwa pang'ono mabelu ngiri ngiri zipinda zonse.

Kwathu kuno, nthawi imeneyo tiyi anali wa pa Khrisimasi, kapena fodya akagulidwa bwino, kapena kukabwera abusa. Ndiye katundu woyamba amene ndinapereka kwa matransipota, aja amanyamula katundu wa anthu kubwera naye kuno, munali bulangete, nsapato za Lusiya, shuga, mkaka wa ufa, ndi chitini cha tiyi chachikulu chofiira chokhala ndi chivindikiro. Nyazimba ankandiseka, ati tiyi ameneyu mwina anachokera ku Thyolo komweko, angomuveka chitini, ine n'kumulipirira ulendo wobwerera kwawo. Kaya zinali zoona kaya. Koma Lusiya atalandira, mawu ake pafoni ankachita kuvina. "Amayi, anthu akumabwera kudzangonunkhiza! Amayi abusa apempha supuni ziwiri." Kuyambira pamenepo katundu aliyense ankakhala ndi chitini. Ndinkati ngakhale ndikutola zonyansa za anthu okalamba, mwana wanga akumwa tiyi ngati mphunzitsi.

Foni pamudzi pathu inali imodzi, ya Petulo, imene ndinamutumizira ndine. Kuti igwire munthu ankayenera kukwera pachulu chachikulu cha kuseri kwa chigafa, ndipo moto ukatha ankakatchajitsa kumsika. Ndiye tinapangana kuti Lamulungu akaweruka kutchalitchi Lusiya azikwera pachulupo, ine ndiziimba. Chaka chachitatu, Lamulungu lina anayankha ndi akulu anga, amake Dailesi, akupuma wefuwefu ndi chitundacho. Anati, "Iwe, yamba kugula timatewera. Mwana wako sali yekha." Ndinavina m'kachipinda kaja mpaka kugwetsa sitovu.

Patapita miyezi Lusiya anati kusikelo amuuza kuti magazi ndi ochepa, amupatsa mapiritsi ofiirira oti azimwa tsiku lililonse. "Koma amayi akundichititsa nseru. M'kamwa mumachita ngati ndanyambita khasu. Ndingowataya?"

Ndinati, "Usataye, mwana iwe. Uzimwera tiyi. Uthire masamba ambiri, akhale wakuda bwino, nseru imatha."

Anati, "Koma anamwino anati tizimwera madzi, ndiponso tizidya zipatso."

Tamverani zimene ndinayankha ine, mayi ake, wa Sitandade 5. Ndinati, "Anamwino a kumudzi angadziwe kuposa kuno? Ine ndimagwira ntchito pakati pa mankhwala. Kuno azungu chilichonse amamwera tiyi." Ndinanena choncho. Palibe anandiuza zimenezo, ndinangoona tolole yanga ikulowa m'zipinda momwe munali mabotolo a mankhwala, ine n'kulumikiza ndekha m'mutu. Ndipo mwezi womwewo ndinatumiza zitini ziwiri.

Mwanayo anandimvera. Lusiya chibadwire sanandikanirepo kanthu.

Nthawi ya fodya itafika anayamba kudandaula chizungulire. Ati akamasoka m'chigafa maso amachita mdima. Ati mtima ukuthamanga ngati wakwera phiri pomwe wangochokera kuchitsime. Akulu anga anati, "Mwanayu zikhato zayera ngati wakanda ufa, ndipo akudya dothi la pachulu chomwechi ngati chiswe." Ine ndinati mimba zimatero, nanenso dothi ndinkadya. Ndinafunsa, "Mapiritsi aja ukumwa?" Anati, "Osadumphitsa, amayi. Ndi tiyi, monga munanenera."

Tsono kuntchito kuja kunali agogo ena a chipinda chakumapeto, tinkawatcha Agogo a Mphaka chifukwa pakhoma panali zithunzi za amphaka okhaokha, cha mwana ngakhale chimodzi. Anali aukali, koma ine ankandikonda, ankandisisita patsaya pondithokoza. Anapita kuchipatala kukachitidwa opaleshoni ya chiuno, anabwerako atayezuka. M'mawa wina ndikulowa ndi tiyi wawo, ndinapeza sisitala, namwino wamkulu wa pamalopo, ali pambali pa bedi ndi kambale ka mankhwala. Sisitala ameneyu anali wa ku Zimbabwe, koma agogo ake anachokera ku Dowa kalekale kukagwira ntchito m'mafamu, ndiye Chichewa ankachidziwa, chotsimphina koma chomveka. Tikakhala awiri ankakonda kuchiyesa pa ine.

Agogo aja anatola piritsi, ine n'kuwapatsa kapu ya tiyi kuti amwere. Sisitala anandigwira pamkono apa. Sanakalipe, anangogwira.

"Ayi amayi. Ili ndi tiyi siziyendera limodzi. Bweretsani madzi a malalanje."

Ndinayang'ana piritsilo m'dzanja la agogowo. Lofiirira, lozungulira, longa mbewu ya mphodza. Ndinati, "Sisitala, limeneli ndi la chiyani?"

"La magazi. Magazi awo achepa."

Ndinapita kukatenga madzi a malalanjewo. Titatuluka ndinamutsata mpaka kuchipinda chake cha mankhwala. Ndinati, "Tandiuzani bwinobwino, tiyi walakwa chiyani?"

Anandikhazika pampando. Anati, "Inu mumayesa piritsi likadutsa pakhosi ndiye kuti lagwira ntchito? Ayi. Likafika m'mimba lidakali panja. Liyenera kuboola khoma la matumbo kuti lilowe m'magazi, ndipo mankhwala ambiri paokha salowa, amafuna wowaperekeza. Ena wowaperekezayo amamuikiratu kufakitale, m'piritsi momwemo, kuti awasungunule kapena awatsegulire njira. Ena mumawapatsa ndinu ndi chakudya. Aja a malungo amene mumamwa kwanu masiku atatu, sakuuzani kuti mudye kaye?"

Ndinati, "Amatiuza kuti tidye za mafuta, kaya phala la nsinjiro."

"Eya. Amenewo amakwera pa mafuta. Tsono ili la magazi muli ayironi, amene thupi limapangira magazi. Wom'perekeza wake ndi vitamini C, uja ali m'zipatso zowawasa. Lalanje, ndimu, gwafa, malambe. Koma m'tiyi muli chinthu china, chija chimadetsa kapu mkati, chimene chikakumana ndi ayironi chimam'manga. Akamangidwa ambiri salowa, amangodutsa n'kukatayika kuchimbudzi. Mkaka nawonso umatsekereza. Tiyi si woipa, amwe, koma padutse maola awiri."

Ndinati, "Gwafa?"

"Gwafa ndiye mfumu yake. Amaposa lalanje." Kenako anandiyang'anitsitsa. "Amayi, bwanji? Mwatuwa."

Ndinamuuza zonse. Anafunsa kuti mimba ndi ya miyezi ingati. Ndinati isanu ndi iwiri, ikupita mwa chisanu ndi chitatu. Anatenga foni yake ya m'thumba n'kundipatsa. "Imbani pompano."

Linali Lachitatu. Ndinadabwa kuti inalowa, osadziwa kuti inalowa chifukwa foniyo sinali kumudzi. Anayankha ndi Petulo, kumbuyo kwake phokoso la malole. Anali ataperekeza mabelo ku okushoni, akudikira pamzere.

Apa ndi pamene ndimafika n'kusowa tulo. Ndinali ndi mkamwini pafoni. Nkhani ya mimba ya mwana wanga, ya magazi ake, ndiiyambe bwanji ndi mkamwini? Ndinachita kugwada pansi m'chipinda cha mankhwala chija ngati akundiona. Ndinati, "Mwaswera bwanji apongozi?" Anati, "Taswera bwino amayi, kaya inu." Ndinafunsa za fodya. Tangoganizani, ndinafunsa za fodya! Kenako ndinati, "Nkhani ya tiyi ija. Tiyi uja kunyumbako achepe. Mukanene kuti tiyi asiyidwe kaye." Iye anati, "Ndamva amayi. Pepani." Ndinadabwa kuti akupepesa chiyani, koma ndinangoti ndi ulemu wake. Ndinadula mtima utatsika, ndikuti uthenga wapita.

Lamulungu ndinaimba, sinalowe. Petulo anali akadali kumzere kuja, foni itatha moto. Lamulungu linalo sinalowenso, inali kotchajitsa, magetsi kumsika atazima masiku angapo. Lachitatu lake ndinayesanso, mwamwayi anayankha Lusiya, atakwera pachulu paja. Mawu ake anali aang'ono, ankapumira pakati pa mawu.

Ndinati, "Uthenga wanga unalandira?"

"Uti amayi?"

"Wa tiyi."

Anaseka. "Kaya za tiyi ndikuuzeni zoseketsa. Apongozi anuwa chibwerere ku okushoni asiya kumwa tiyi. Kaya alowa mpingo wanji kumeneko. Akuti, imwa ndiwe, ine sindikumufuna. Ndiye wawo uja ndikumwanso ndine. Panopa ndikumwa katatu."

Ndinakhala pansi. Petulo anamva ngati ndikudandaula kuti akundimalizira tiyi wa mwana wanga, iye mkamwini wodya za eni. Anachita manyazi, sanamuuze mkazi wake kuopa kum'khumudwitsa ali ndi pakati, anangodzimana yekha.

Tsiku limenelo ndinanena zonse mosazungulira, ndikulira. Ndinati ndinakunamiza mwana wanga, anamwino aja ankanena zoona. Siya tiyi, umwere madzi a ndimu, udye magwafa.

"Magwafa? Aja akungogwa kuseri kwa bafa, akudya nkhumba za amake Dailesi?"

"Omwewo."

"Iii amayi, ndiye mankhwala takhala tikuwaponda popita kosamba." Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anati, "Musalire. Ndiyamba lero lomwe. Inu simunadziwe."

Sisitala anandiuza kuti magazi sabwerera sabata imodzi kapena ziwiri, amafuna miyezi. Anati mwanayo asadikire kunyumba, apite ku boma akayezedwe, akadikirire kuchipatala chachikulu komwe kuli magazi oika. Ndinamuuza Lusiya. Anati, "Kwatsala fodya pang'ono woti tisankhe, tikangopana belo lomaliza ndinyamuka. Sabata yamawa." Ndinati pita mawa. Anati, "Sabata yamawa, amayi, masiku alipo." Aka kanali koyamba kundikanira.

Masiku panalibe. Matenda anam'yamba ali m'chigafa, nthawi isanakwane. Anam'nyamula pangolo mpaka kuchipatala chaching'ono. Mwana anabadwa, wamkazi, wamng'ono koma wolira bwino. Akulu anga amati Lusiya anam'yang'ana, anamwetulira, anati, "Mphuno ya amayi." Kenako magazi anayamba kutayika osaleka. Anamwino anayesetsa, ambulasi inabwera, koma munthu amene analowa ndi magazi ochepa kale analibe oti ataye. Anatsirizikira m'njira, nyumba za ku boma zikuoneka.

Ine ndinali ndikukankha tolole ya folo koloko. Ndinangoona Nyazimba ali pakhomo, atavala epuloni ya kuntchito kwake, wopanda mpango kumutu. Petulo sanathe kundiimbira ine, anaimbira iyeyo. Anati, "Mama, siyani tolole." Ndinati, "Ndimalize kaye zipinda ziwiri." Anati, "Siyani." Anandigwira mapewa onse awiri. Sindikumbuka kuti ananena mawu ati. Ndimangokumbuka makapu akugubuduka pansi, ndi mabelu akulira, ndi Agogo a Mphaka ali pakhomo pa chipinda chawo ndi ndodo yawo, akulira nawo osadziwa n'komwe kuti kwagwanji.

Amayi a kwathu amene ankagwira ntchito kumeneko anadzaza kachipinda kathu mpaka panja. A ku Mzimba, a ku Mangochi, Asilamu, Akhristu, ena sindinkawadziwa. Anaimba nyimbo za maliro chapansipansi kuopa eni nyumba. Anayendetsa mbale, anandigulira tikiti, wina anandipatsa chitenje chakuda, wina anandiphikira mazira a m'njira. Sisitala anabwera nayenso. Anandikokera pambali, anati, "Amayi, mundimvere. Si tiyi yekha. Pali malungo, pali njoka za m'mimba, pali ntchito yakalavulagaga, pali mtunda wa kuchipatala. Kutaya magazi pobereka kumapha ngakhale munthu wa magazi okwana. Musasenze zonse nokha." Ndinati ndamva. Mutu unamvadi. Koma apa, pachifuwa apa, mpaka lero pamati: akanakhala nawo ochulukirapo pang'ono, sakanafika ku boma?

Pachipata anandidinda chidindo choti ndisadzalowenso m'dziko lawo chifukwa chopitirira masiku. Wapolisiyo ankayembekeza kuti ndidandaula. Ndinamuthokoza.

Ndinafika atam'ika kale, patapita masiku atatu. Kumanda ndinangopeza dothi lofiira ndi nkhata zofota. Pobwerako anthu anali akadali pakhomo. Ena ankandiyang'ana kumapazi, kuchikwama. Msuweni wanga wina, misozi yanga isanaume, anati, "Nanga mabulangete aja simunanyamuleko?" Sindimuda, ndi mmene ndinawazoloweretsa. Mayi wina wachikulire, wabwinobwino, pofuna kunditonthoza anandigwira dzanja, anati, "Mwana wanu mwam'lira mwaulemu ngakhale munali kutali. Pamaliro pano aliyense wamwa tiyi wa ku Joni, wonunkhira. Anthu akuyamikira." Ndinachita kuluma lilime. Anaphika chitini chotsala chija, anthu anamwa, anakoma nacho.

Ndinalowa m'nyumba mwa Lusiya. Pashelefu anali atandanda zitini zonse zimene ndinatumiza, zotsukidwa, zopukutidwa, zithunzi zake zitayang'ana kukhomo kuti wolowa aziona. Pansi pake anayala kansalu koluka yekha. Pawindo panali kambale, m'menemo kapepala ka mapiritsi, theka la ndimu litauma, ndi magwafa atatu atayamba kuda. Limodzi linali lolumidwa.

Ndili chiimire ndinamva wina kumbuyo. Anali Petulo, atanjuta pakhomo, chipewa m'manja, nkhope pansi. Ataonda, khosi ngati la nkhuku. Anati, "Amayi, ine ndinkayesa mukudandaula tiyi."

Ndinapita pomwe analipo. Ndinakhala pansi patsogolo pake, osati cham'mbali, ndinam'gwira chibwano n'kudzutsa nkhope yake. Zaka zonsezo sindinkadziwa kuti ali ndi chipsera pamwamba pa diso. Ndinati, "Mwana wanga, wolakwa sindiwe. Ndikanangonena." Akulu anga ataona anatseka pakamwa ndi dzanja. Kuyambira tsiku limenelo ine ndi Petulo timayankhula chilichonse, maso ndi maso. Anthu ananena, anatopa. Patapita zaka anabwerera kwawo ku Chisemphere, anakwatiranso, ndinamuuza ndine kuti akwatire. Mkazi wake atakhala ndi pakati ndinapita ndekha pakabaza, ndinawakhazika onse awiri pamphasa imodzi n'kuwafotokozera za magazi, mwamunayo ali pomwepo. Mkaziyo anafuna kuthawa ndi manyazi. Ndinati khala, manyazi ndinawaona ine mathero ake.

Mwana uja anam'tcha Tiyamike, ndinalera ndine. Zitini zija ndinaziboola pansi ndi msomali, ndinathiramo dothi la kukhola n'kufesamo njere za mandimu. Zikamera ndinkapatsa mayi aliyense amene ndamuona mimba yayamba kutuluka. Ena ankabzala, ena ankataya mbande n'kusunga chitini, zawo zimenezo. Umodzi ndinabzala pafupi ndi gwafa uja wa bambo ake Lusiya, pano ndi mtengo waukulu, umabereka mpaka nthambi kuthyoka. Ndipo ine chifikire kuno tiyi sindinam'lawenso. Alendo ndimawaphikira, Tiyamike amamwa, koma ine ngakhale fungo lokha sindilifuna.

Tiyamike pano ali Fomu 2. Zoti mayi ake anamwalira pom'bereka amadziwa, koma zinazi sindinamuuzepo. Mwezi wathawu anayamba kudandaula mutu ndi chizungulire m'kalasi. Ndinam'tembenuza zikhato, ndinam'kokera chikope pansi, monse munali moyera. Ndinam'tumiza kuchipatala tsiku lomwelo. Anabwerako masana, anaponya kapepala patebulo, mapiritsi ofiirira omwe aja, sanasinthe ngakhale pang'ono. Ine ndinali panja ndikusenda mtedza. Polowa ndinam'peza wathira tiyi m'kapu, piritsi lili m'dzanja.

Sindikudziwa kuti ndinadumpha bwanji ndi mawondo angawa. Ndinangozindikira ndam'gwira pamkono.

"Agogo, mukundipweteka!"

Sindinasiye. Ndinam'koka mpaka kuseri kwa bafa, ndinathyola ndimu, ndinadula ndi mpeni wanga wa m'chiuno, ndinafinyira m'kapu ya madzi. Theka linapita pansi, misozi ili chuchuchu.

"Agogo, ndimu ndi yolirira?"

Ndinam'khazika pamuzu wa gwafa. Ndinamuuza zonse, monga ndakuuzirani inu, tolole, zitini, foni, bambo ake pamzere wa malole, ndi mawu aja ndinanena onyoza anamwino. Sindinabise. Ndinkati akadana nane adane nane akudziwa. Anamvetsera akukumba pansi ndi chala cha kuphazi. Nditamaliza anameza piritsi lija, anamwera madzi a ndimu, nkhope yonse kukwinyika. Anati, "Kuwawasa!" Anadzuka n'kulowa m'nyumba. Sanandiyang'ane.

Ndinabwerera ku mtedza wanga. Ndinasenda, ndinasenda, m'nyumba muli zii. Ndinkati basi, uyunso ndam'taya.

Dzuwa litapendeka ndinamva chitseko. Anatuluka ndi makapu awiri pathireyi, anagwada, anaika imodzi patsogolo panga. Anati, "Ndinayang'ana pawotchi, maola awiri akwana. Imwani agogo."

Ndinati, "Ukudziwa ine sindimwa."

Anati, "Ndikudziwa. Imwani."

Shuga anachepetsa, mwana ameneyu dzanja lake ndi louma ngati la mayi ake. Sindinamuuze. Ndinamwa yense mpaka masamba a pansi.